Mkwatibwi ayang'ane ndani?

Lolemba m'mawa mu situdiyo yathu ku Limbe munalowa mtsikana wa ku Chilomoni, kudzajambulitsa chithunzi choika pa khadi ya chinkhoswe. Anatchena ndithu, tsitsi ataluka dzulo lake. Koma atangokhala pampando, maso anagwa pansi. Ndikati, "Achemwali, tayang'anani kuno," ankadzutsa mutu n'kutong'ola maso ngati akujambulitsa chiphaso. Ndinajambula zithunzi 30. Ataziona pa kompyuta anati, "Achimwene, ine chithunzi chimandikana, ndi chibadwa." Pa zaka 11 zimene ndagwira kamera, mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, ndipo amandiwawa chifukwa si zoona.

Nkhope yake inalibe vuto. Kungoti ife tinakula tikuuzidwa kuti mwana woyang'ana wamkulu m'maso ndi wamwano. Mtsikana amazimva kwa amayi ake, kenako kwa alangizi. Ndiye lero bambo wachilendo amuloze ndi galasi lakuda n'kumati ayang'ane momasuka? Ndinaitana mng'ono wake amene anamuperekeza, n'kumuimika kumbuyo kwanga, tsaya lake pafupi ndi kamera. Ndinamupempha kuti awakumbutse achemwali ake mmene alamu anachitira chibwibwi tsiku lokaonekera kwa amalume. Mtsikana uja anaphulika chiseko, ndipo chikutha, maso ali kwa mng'ono wake, ndinadina. Chimenecho ndicho chinapita pa khadi. Aliyense wochiona amayesa kuti akuyang'ana iyeyo.

Lachiwiri kunali zithunzi zofunsira ntchito basi, mpaka magetsi anazima masana. Tinakhala pakhonde ndi mnyamata amene ndikumuphunzitsa, ndipo anandifunsa kuti dzulo ndinachita matsenga anji. Ndinamuuza zimene ndinawerenga kalekale. M'chaka cha 2001, Knut Kampe ndi anzake a ku London anaonetsa anthu zithunzi uku akuunika ubongo wawo ndi makina. Gawo la ubongo limene limagwira ntchito munthu akamayembekezera chinthu chabwino linkatakasuka nkhope yokongola ikayang'ana woonayo, koma nkhope yomweyo ikayang'ana kumbali, linkazilala. Mu 2006, Ben Jones, Lisa DeBruine ndi anzawo a pa yunivesite ya Aberdeen ku Scotland anapeza kuti kukongola kumakoka mtima kwambiri ngati mwini nkhope akumwetulira iwe amene. Akamamwetulira wina kumbali, mphamvu ija imachepa. Mphuno ndi yomweyo, masaya ndi omwewo. Chasintha n'chakuti woonayo wamva mumtima kuti munthu uyu wandiona ndipo wandikondwerera.

Lachitatu ndinamupeza mnyamata uja akufufuta pa Photoshop, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera zithunzi, timakwinya ta m'mbali mwa maso a mtsikana wa Lolemba. Ankafuna kuti khungu lisalale ngati la pa Facebook. Ndinamugwira dzanja. Timakwinya timeneto kawirikawiri timasonyeza kuti chiseko chinali chenicheni. Dokotala wina wa ku France, Duchenne de Boulogne, analemba zimenezi mu 1862, atayesa minofu ya pankhope poigunditsa magetsi. Milomo munthu atha kuikoka dala, koma mnofu wozungulira diso umakwinyika bwino pamene chimwemwe chachokera m'kati. Ukaufufuta, umatsala ndi mano oyera pansi pa maso ozizira, ndipo kasitomala amachikana osadziwa chifukwa chake. Ndinamuonetsanso kadontho ka kuwala kamene kamaoneka pa kamwana ka m'diso. Nyali ukaiika pamwamba kwambiri, nsidze zimachita mthunzi, kadonthoko n'kusowa, ndipo munthu amaoneka ngati wadwala malungo sabata yathunthu.

Lachinayi ndi Lachisanu zinali zotchaja mabatire ndi kukaona holo ya chinkhoswe cha mtsikana uja ku Ndirande kuti ndidziwe kumene dzuwa limalowera masana.

Loweruka, tsiku la chinkhoswe, ndilo linandiphunzitsa. Mkwati ndi mnyamata wofatsa, ndipo zithunzi zimene ndinamujambula ali yekha panja pa holo zinali zouma. Koma pali china chimene akulowa, azakhali ndi alongo a mkwatibwi atamutembenukira, akumwetulira ndi kululutira. Pamenepo akuoneka mwamuna woti mudzi wonse unganyadire. Izinso a ku Aberdeen aja anaziyesa mu 2007: akazi ankaona mwamuna kukhala wokongola kwambiri ngati mkazi wina pachithunzipo akumuyang'ana momwetulira, pamene amuna anzake ankayamba kumuonera m'munsi. Timatengera maso a anzathu posankha chokoma, mwina osazindikira n'komwe.

Komabe kafukufuku yenseyu anachitikira ku Ulaya, ndipo sindingamunyamule wathunthu n'kulowa naye pa chinkhoswe. Nthawi imene ankhoswe ankapatsana tambala ndi msoti, mkwatibwi anazolika, manja pamiyendo, maso pa chitenje. Mnyamata wanga anandinong'oneza kuti ndimuuze adzutse mutu. Ndinakana. Kwathu kuno kuzolika kumeneko kumayankhula: kukunena kuti mwanayu analeredwa, akulemekeza makolo a mbali zonse ziwiri. Ndinaona amayi achikulire a kuchimuna akugwedezera mitu akumuyang'ana, ndipo kwa iwo panalibe nthawi ina imene anakongola kuposa pamenepo. Ndinajambula momwemo, kenako ndinadikira. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zinachitika pa perekaniperekani. Anzake a mkwati akuvina ndi ndalama m'manja, mmodzi anaterereka pa simenti. Mkwatibwi anaba diso n'kuyang'ana mwamuna wake, nayenso anali atamuyang'ana kale. Sizinathe ngakhale sekondi imodzi. Ndinali nditagwada pambali pa tebulo kwa mphindi pafupifupi 20, bondo litachita dzanzi, koma ndinachigwira.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi mkwatibwi ndi azakhali ake anabwera kudzasankha chithunzi chachikulu cha pabalaza. Azakhali analoza chozolika chija n'kunena kuti, "Bambo, mutsuke ichi, mwana wathu ndi ameneyu." Mkwatibwi sanatsutse. Anangoika chala pa chinacho, mwakachetechete, n'kundiyang'ana m'maso koyamba sabata yonseyi. Ndinawauza kuti nditsuka zonse ziwiri, chachiwiricho pa mtengo wa pepala lokha, ndipo adzatenge Lachitatu.