Mamita okha sapambanitsa pa ski jumping

Ski jumping ndi masewera otsetsereka pachitunda cha chipale chofewa utavala ma ski, timatabwa tataliatali ta kumapazi, kenako n'kulumpha kuti ukatere patali. Wolumpha akatera pa mamita 130 pachitunda cha K-120, wachita bwino kwambiri. Mamita omwewo ku Planica, ku Slovenia, ndiye kuti zavuta. Kusiyana kwake kuli pa mzere wotchedwa K, womwe chitunda chilichonse chili ndi wakewake: pa K-120, mzerewu uli pa mamita 120 kuchokera ponyamukira.

Pa zitunda zapakati ndi zazikulu, kutera ndendende pa K kumapatsa mapointi 60. Mita iliyonse yopitirira kapena yoperewera imawonjezera kapena kuchotsa mapointi 2 pa K-90, ndi 1.8 pa K-120. Choncho mamita 130 aja pa K-120 ndi mapointi 78. Zitunda zazikulu koposa, zotchedwa zoulukira, monga Planica ndi Vikersund ku Norway, zili ndi K pa mamita 200. Pamenepo amayambira pa mapointi 120 ndipo mita iliyonse ndi mapointi 1.2. Ku Planica komweko ndi kumene Domen Prevc wa ku Slovenia anafika mamita 254.5 mu Malichi 2025.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti nsonga yonyamukira siyang'ana kumwamba ayi, imapendekera pansi ndi madigiri pafupifupi 11. Sim'ponya munthu. Iye yekha, atanyonyomala, akutsetsereka pa liwiro la makilomita pafupifupi 90 pa ola, ayenera kuwongola mawondo pa kamphindi kake. Akafulumira, mphamvu imathera panjira. Akachedwa, amakankha mphepo chabe, nsonga za ma ski n'kuwerama. Kwa ine, mpikisano wonse umagona pamenepa.

Ali m'mwamba amatambasula ma ski ngati chilembo V, thupi litagonera kutsogolo, kuti mpweya um'nyamule. Jan Boklöv wa ku Sweden ndiye anatchukitsa kalumphidwe aka. Oweruza ankam'dula mapointi poti sikankaoneka bwino, komabe anatenga World Cup mu 1989, anzake n'kuyamba kum'tsanzira.

Oweruzawo, omwe amawonjezera mapointi a kaonekedwe ka kalumphidwe pa a mamita aja, amakhala asanu, aliyense ndi mapointi osaposa 20. Okwera kwambiri ndi otsika kwambiri amatayidwa. Amayang'anitsitsa kateredwe kotchedwa telemark: phazi limodzi patsogolo, mawondo opindika, manja otambasula. Dzanja likangokhudza chipale, mapointi amagwa kwambiri.

Mphepo nayo imawerengedwa. Yochokera kutsogolo imanyamula wolumpha, ndiye amam'chotsera mapointi. Yochokera kumbuyo imam'kanikizira pansi, ndiye amam'wonjezera. N'chifukwa chake wa mamita 128 nthawi zina amaposa wa 134.