Nambala yanga pa mndandanda

Lachitatu, New York ndi Buffalo

Foni inandidzutsa 3:40 mbandakucha, ndipo ndinaizimitsa msangamsanga kuopa kusokoneza tulo ta anzanga asanu omwe tinagona chipinda chimodzi pa mabedi osanjikiza. Nyumbayi ili ku Kew Gardens, m'dera la Queens, ndipo anthu a ntchito yathu yoyendetsa ndege amaitcha crash pad. Timasonkherana lendi ife amene mabanja athu ali kutali, kuti tizipeza pogoneka mutu usiku woti mawa lake tilawirira. Mkazi wanga ndi mwana ali ku South Bend, ku Indiana, ndipo dzulo ndinakwera ndege ziwiri kuti ndifike kuno, yachiwiriyo pa kampando kopinda ka m'chipinda cha oyendetsa chifukwa kumbuyo kunali kutadzaza. Amayi akandifunsa za nyumbayi ndimangoti ndi hositelo ngati ya ku sekondale. Kusiyana kwake n'kwakuti muno aliyense ali ndi malaya oyera ositidwa bwino komanso ngongole ya sukulu yomuposa msinkhu.

Pa bwalo la ndege la LaGuardia tinapeza chipale chikugwa. Ndinazungulira ndege ndi tochi, kuyang'ana matayala, mapiko ndi mainjini, zala zitachita dzanzi. Anthu anakwera, ife n'kungokhala pa geti ola ndi theka kudikira mpata wokathiritsa mankhwala osungunula chisanu pa mapiko. Ambiri sadziwa kuti nthawi imeneyi sitilipidwa, kupatula kandalama ka chakudya. Malipiro athu amayamba kuwerengedwa chitseko chikatsekedwa ndi mabuleki akamasulidwa, n'kuthera pa geti ya komwe tikupita. Ndiye mukamva kuti uje amalandira madola 90 kapena 100 pa ola, musathamangire kuchulukitsa ndi maola 40 pa sabata. Lamulo silitilola kuuluka maola oposa 1,000 pa chaka, ndipo mwezi wabwinobwino umathera cha m'ma 75 mpaka 85.

Mayi ena polowa anasuzumira kutsogolo kwathu n'kunena monyadira kuti iwo kwa zaka 20 sanakwerepo ndege ya kampani ina koma iyi yokha. Ndinawathokoza. Sindinawauze kuti dzina lomwe lapentedwa panja pa ndegeyi si la kampani yomwe inandilemba ntchito.

Ndege yathu ndi Embraer 175, ya mipando 76. Penti ndi ya kampani yaikulu, tikiti anagulitsa ndi iwo, njira anasankha ndi iwo, ngakhale timabisiketi tomwe timagawa ndi tawo. Ife ndife regional, kampani yaing'ono yomwe imalipidwa poyendetsa maulendo a eni akewo. Dzina lathu lili pa tikiti m'timalemba tofunika magalasi. Makampani otere alipo angapo. SkyWest ndi Republic ndi oima paokha ndipo amagwirira ntchito akuluakulu angapo nthawi imodzi, Endeavor ndi ya Delta, pomwe Envoy, PSA ndi Piedmont ndi a American. Agogo anga aamuna anakhalapo tenanti pa esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo sindinaganizepo kuti moyo wawo ndidzaumvetsa ndili pamwamba pa mitambo. Kulima ndiwe, kupachika m'chigafa ndiwe, koma ku okushoni belo limalowa m'dzina la mwini munda.

Mipando 76 imeneyi sinangochitika. Mu mgwirizano wa oyendetsa ndege a makampani akuluakulu muli ndime yotchedwa scope, yomwe imati ndege yopatsidwa kwa ife isapose mipando 76 ndi kulemera kwa mapaundi 86,000, ndiponso imaika malire a kuchuluka kwa ndegezo. Embraer inapanga mtundu watsopano wa ndege yomweyi, wosamwa mafuta kwambiri, koma unalemera kupitirira malirewo, ndipo mpaka lero sunayambe kunyamula anthu. Ndime imeneyi ndi yomwe ikunditsekereza kuti ndisagwire ndege zazikulu, komabe ndimaifuna yolimba, chifukwa ndi yomweyonso ikundisungira ntchito yomwe ndikuilakalaka mawa.

Munthu wa regional sangatsike ku Buffalo osakumbukira Clarence Center, katauni koyandikana ndi mzindawu. Pa 12 February 2009 ndege ya Colgan Air yochokera ku Newark, itavala dzina la Continental, inagwera pa nyumba kumeneko, ndipo anthu 50 anafa. Ofufuza anapeza kuti kaputeni analakwitsa pamene ndege inataya liwiro, koma chomwe chinadzidzimutsa anthu kwambiri ndi moyo wa oyendetsawo. Wachiwiri wake, mtsikana wa zaka 24, ankalandira pafupifupi madola 16,000 pa chaka, ndipo anali atachezera usiku pa ndege za katundu kuchokera ku Seattle kuti afike pa ntchito. Abale a omwalirawo anakakamira ku Washington mpaka lamulo la 2010 linatuluka, ndipo kuyambira 2013 munthu sangakhale pa mpando wa wachiwiri ndakhala inewu wopanda maola 1,500, kupatula ochokera ku usilikali ndi ku mayunivesite ena omwe amawachepetserako. Kale 250 ankakwana. Ine angawo ndinawatolera zaka ziwiri ndikuphunzitsa ena pa kandege ka Cessna, chakudya chili mpunga ndi nyemba. Lero tinatera bwinobwino, mphepo ikukankha pang'ono kuchokera ku nyanja ya Erie.

Tinali ndi maola atatu tisanabwerere, ndiye tinakhala pansi ndi akaputeni kumwa khofi. Bambo amenewa ali ndi zaka 58, ndipo analowa kampaniyi kumayambiriro kwa 2001 ali ndi maganizo oti akhalapo zaka zitatu basi. Ndinawafunsa mosapita m'mbali kuti bwanji sanapite kwa akuluakulu. Anayamba kuwerenga ndi zala. Chaka chomwecho kunachitika za pa September 11, makampani akuluakulu n'kuchotsa anthu miyandamiyanda. United inakagwada ku khoti chifukwa cha ngongole mu 2002, Delta ndi Northwest tsiku limodzi mu 2005. Mu December 2007 boma linakweza zaka zopumira pa ntchito kuchoka pa 60 kufika pa 65, ndiye kwa zaka zisanu pamwamba panalibe wochoka. Chuma n'kugwanso mu 2008.

"Pomwe chitseko chimatseguka," anatero, "ana anali atakula, ndipo ine ndinali nditayamba kudya Khirisimasi kunyumba."

Nkhani yonse ya ntchito yathu yagona pamenepa. Tsiku lomwe walembedwa umapatsidwa nambala pa mndandanda wa seniority, ndipo nambalayo ndi imene imalamula zonse: ndege yomwe uyendetse, mzinda womwe uzigwirira ntchito, masiku opuma, nthawi yokhala kaputeni, ngakhale woyamba kuchotsedwa zinthu zikavuta. Luso silikudumphitsa mzere. Choipa kwambiri n'chakuti nambalayo sunganyamule posamuka. Akaputeniwa atati apite ku Delta lero akayambira pansi penipeni, kumbuyo kwa mnyamata wa zaka 25 yemwe analowa sabata yatha, n'kumakhala pa reserve, chikwama chili chomangamanga, kudikira foni yoti thamanga ku bwalo la ndege. Zaka zawatsalira ndi 7. Kwathu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo sindingawanene kuti analakwa. Kungoti ine ndili ndi zaka 33. Mwezi uliwonse womwe ndachedwa kulowa uko, ena akulowa patsogolo panga, ndipo adzakhala patsogolo panga mpaka ndidzapume.

Tili pomwepo inalowa voisi ya achimwene pa WhatsApp, ali ku Lunzu, tambala akulira kumbuyo. "Aise, tamva kuti oyendetsa ndege ku America anakukwezerani ndi 40 peresenti. Ndiye malata a nyumba ya amayi aja atani?" Ndinaseka mpaka akaputeni anafunsa chomwe chachitika. Nkhaniyo ndi yoona, koma ndi ya eni munda. Mu March 2023 a Delta anavomereza mgwirizano wokweza malipiro ndi 34 peresenti pa zaka zinayi, a American ndi a United anatsatira chaka chomwecho, a United mpaka 40, ndipo a Southwest anapeza pafupifupi 50 mu January 2024. Pamwamba pake kampani imawaikira ndalama ya penshoni popanda iwo kuchotsapo kanthu m'thumba. Kaputeni wa ndege zazikulu zowoloka nyanja amalandira madola oposa 400 pa ola.

Ndisaname, ifenso sitikulira ngati kale. Mu June 2022 Envoy ndi Piedmont anakweza malipiro a woyamba kumene kufika pa madola 90 pa ola, enawo n'kutsatira pofuna kapena posafuna. Malata agulidwa, achimwene. Koma ndimadziwa komwe ndalama imeneyo inachokera. Akuluakulu ankakokolola makaputeni athu mwezi ndi mwezi, ndege zinaima pa mabwalo kusowa oziyendetsa, ndipo makampani athu anatsegula thumba chifukwa cha mantha. Gawo lina linabwera ngati mabonasi ndi makalata apadera okhala ndi tsiku lothera. Mu 2024 Boeing itachedwa kupereka ndege, akuluakulu anachepetsa kulemba anthu, kampani ya ndege ya Spirit inayamba kuimika oyendetsa ake, ndipo mabonasi aja anayamba kuzilala mwakachetechete.

Ulendo wobwerera ku LaGuardia ndi wina wopita ku Richmond unayenda popanda chokamba.

Madzulo ku hotela ndinalowa msonkhano wa yuniyoni pa kompyuta. Zokambirana zathu ndi kampani zalowa chaka chachiwiri, ndipo lipoti la lero linali lomwe lija: agwirizana za mahotela ndi za yunifolomu, za malipiro ndi masiku opuma sanazikhudze. Mnyamata wina yemwe sanathe chaka anafunsa mokwiya kuti bwanji osangochita sitalaka. Wapampando anapumira m'mwamba, chifukwa funso limeneli amaliyankha msonkhano uliwonse. Ife tili pansi pa lamulo la anthu a sitima zapamtunda, Railway Labor Act la 1926, lomwe anaphatikizamo ndege mu 1936. M'lamuloli mgwirizano wathu sutha ntchito, umangofika nthawi yoti ukhoza kusinthidwa, ndipo mumapitiriza kugwira ntchito pa wakalewo ngakhale zaka zitatu. Mukalephera kumvana mumapita ku National Mediation Board, bungwe la boma loyanjanitsa mbali ziwirizo, ndipo bungweli ndi lokhalo lomwe lingakumasuleni, pa nthawi yomwe lafuna. Likakumasulani mumadikiranso masiku 30 oti mitima izizire, ndipo ngakhale pamenepo pulezidenti akhoza kulowererapo. Mu February 1997 a Bill Clinton anaimitsa sitalaka ya oyendetsa ndege a American patangopita mphindi zochepa itayamba. Kunamizira kudwala pagulu nakonso n'koletsedwa. Yuniyoni ya ku American komweko inalamulidwa kulipira madola oposa 45 miliyoni itayesa zimenezo mu 1999.

Kenako anayankhula akaputeni anga, omwe anali chipinda choyandikana ndi changa moti mawu ndinkawamva kawiri, pa kompyuta ndi pa khoma. Anakumbutsa anyamatawo za Comair. Mu 2001 oyendetsa ndege a kampani imeneyo, yomwe inali regional ya Delta ku Cincinnati, ananyanyala ntchito masiku 89 ndipo anapeza mgwirizano womwe aliyense wa regional ankausirira. Mwini munda anaphunzirapo kuti asamadalire tenanti mmodzi. Maulendo anagawidwa kwa makampani ena, Comair inachepa pang'onopang'ono, ndipo mu September 2012 inatsekedwa. Amene anali ndi zaka 20 pa mndandanda anakayambira pansi kwina. Pa msonkhano panangoti zii.

Sanatanthauze kuti tipinde manja, ndipo ine sindinamve choncho. Oyendetsa a Delta akakwiya, Delta ilibe kwina kopita. Ife tikadula mtengo, ndege zomwezi, zomwe zambiri mwini wake ndi kampani yaikulu, zikhoza kuperekedwa kwa oyandikana nafe mgwirizano ukatha. Ndiye nditapatsidwa mpata ndinanena zomwe ndakhala ndikuganiza miyezi yonseyi, kuti tisamenyere nambala yaikulu yonyadira pa Facebook. Timenyere kuti zomwe tinapatsidwa chifukwa cha kusowa kwa anthu zilembedwe m'kati mwa mgwirizano, zichoke m'makalata apadera aja, ndiponso kuti masiku opuma a anthu a reserve awonjezeke. Ena anati ndikuyankhula ngati munthu yemwe wamanga kale katundu. Mwina n'zoona. Komatu akaputeni nawonso anamanga katundu mu 2001.

Chatsala ndi changa. Ndakwanitsa maola ena 1,000 omwe lamulo limafuna kuti wachiwiri akhale kaputeni, ndipo mipando yatuluka, kusankha kukutsekedwa Lachisanu. Ndikatenga, malipiro akwera ndithu, ndipo akuluakulu amakonda munthu yemwe analamulapo ndege. Koma ndichoka pakati pa mndandanda wa achiwiri, pomwe ndinayamba kupeza Loweruka ndi Lamlungu, n'kukakhala wotsiriza pa makaputeni. Ndiye kuti reserve, ndiye kuti bedi losanjikiza lija masiku ochuluka pa mwezi.

Ndinaimbira kunyumba mwana atagona kale. Ndinafotokoza zonse, manambala ndi zifukwa zake, mkazi wanga ali phee kumvetsera.

"Ndiye bambo a mwana, Khirisimasi inanso tidya tokha?"

Ndinati mwina iyi ndi inayo. Anakhala chete kanthawi, kenako anati nditenge, koma ndikabwera Lamlungu ndikonze chitseko cha galaja chomwe ndakhala ndikulonjeza kuyambira October. Ndalemba dzina langa pa mpando wa kaputeni, ndawonjezera maola a lero pa mafomu atatu ofunsira ntchito omwe akudikira kwa akuluakulu, malaya ndapachika ku bafa kuti nthunzi iwongole makwinya. Basi ya hotela inyamuka 4:50.