Likasa la pa tsaya

Anzanga amene ndinaphunzira nawo akandiona pamsika wa Ndirande, mpaka lero amakuwa kuti "Likasa!" Kukwiya ndinatopa nako. Ndingofotokoza ndekha mmene zinayendera, chifukwa iwowo akamaikamba amaithira mchere wambiri.

Ndinali Folomu 4, ndikukhala kwa azakhali. Tonse m'kalasi mwathu tinkalota mapoyinti 6 pa mayeso a MSCE, ngakhale ena a ife Biology inkatipatsa 9 mosanyengerera. Mayeso oyeserera atayandikira, mnzanga wina wa ku Chirimba anandinong'oneza chinsinsi cha anthu anzeru: kuviika mapazi m'beseni la madzi ozizira. "Amwene, tulo sitibwera ngakhale pang'ono. Uwerenga mpaka tambala woyamba."

Sanandiuze kuti iyeyo ankachita zimenezi mu Okutobala. Ine ndinayesa chiperoni chitaphimba phiri la Ndirande.

Azakhali atagona ndinatenga beseni lawo losambitsira mwana, n'kuthiramo madzi a mumgolo wa panja. Magetsi anali atazima, ndiye ndinayatsa kandulo, kope la Biology patebulo, mapazi m'madzi. Mayo ine! Kuzizira kwake kunakwera m'miyendo mpaka kukafika m'mano. Ndinati apa ndiye mankhwala agwira. Ndinajambula mtima ndi cholembera changa cha inki yambiri chija, zipinda zonse zinayi, mivi yolozera kumene magazi akupita, n'kulemba mayina ake mwa zilembo zikuluzikulu kuti alowe m'mutu. Ndimakumbukira kuti ndinalemba "left ventricle". Zotsatira zake sindizidziwa.

Anandidzutsa ndi azakhali. "Iwe mwana, beseni langa lalakwa chiyani?" Kunja kutayera, kandulo itasungunuka yonse, tsaya langa litamatirira pakope, dovu litanyowetsa tsamba lonse. Mapazi anali atakwinyika ngati nyemba zogona m'madzi. Wotchi inali itakwana 7 koloko, mayeso akuyamba hafu pasiti.

Zosamba panalibe. Ndinangovala yunifolomu, nsapato popanda sokosi, liwiro la ku siteji. Azakhali anakuwa china chake kumbuyo, ine ndinayesa akunenabe za beseni.

M'minibasi kondakitala anandiyang'ana nthawi yaitali asanalandire ndalama. Mayi wina wonyamula dengu la mandasi anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Mtsikana wa sukulu ina anandimwetulira, ndipo kunena zoona ndinakhala bwinobwino, n'kukonza kolala. Ndinkaona ngati nkhope ya munthu wowerenga usiku imaoneka yokha.

Ndinalowa m'holo anzanga atayamba kale kulemba. Ndinakhala pansi, chimfine chikuchucha. Posakhalitsa ndinazindikira kuti mnyamata wa kumanzere kwanga akungondisuzumira, kulemba, kusuzumiranso. Ndinaphimba pepala langa ndi mkono, ngakhale panalibe chobisa koma dzina lokha. Iye pepala analibe nalo ntchito, maso ake anali pankhope panga.

Kenako madamu oyang'anira anaima pambali panga.

"Taimirira. Tembenuka."

"Ndalakwa chiyani, madamu?"

"Zaka zonsezi ndagwira likasa la m'sokosi, la pantchafu, la pa rula. La pa tsaya ndi loyamba ili."

Holo yonse inaphulika. Ananditengera ku ofesi ya ahedi, ine ndisakudziwabe mlandu wanga, mpaka anandipatsa kagalasi ka m'chikwama chawo. Abale inu! Mtima wonse unali pa tsaya langa lakumanzere, mivi yake, zipinda zake, aorta itakwera kulowera kukhutu. Zilembo zinadinda chobwerera m'mbuyo, moti pagalasipo m'pamene zinkawerengeka bwino.

Ahedi anavala magalasi, kundigwira chibwano, kundizunguliza uku ndi uku ngati akugula mbuzi.

"Mwana iwe, likasa limeneli umaliwerenga bwanji?"

"Sindimaliona n'komwe, sala."

"Ndiye wanyamulira anzako?"

Ndinafotokoza zonse, za beseni, za kandulo, za dovu lomwe. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana aphunzitsi a Biology kuti adzaone. Iwo anayandikira, kuyang'anitsitsa, n'kupukusa mutu. "Komanso walakwitsa. Ichi wachitcha ventricle ndi atrium."

Anandilamula kukasukusula pampope ndi sopo wochapira mopu, n'kundibwezera m'holo kutatsala mphindi makumi anayi. Funso la mtima linalipo ndithu, ndipo chojambula changa chinali chitapita ndi madzi. Mnyamata wa kumanzere uja anachikopera chonse, chobwerera m'mbuyo, cholakwika chomwecho. Mpaka pano amati ndinamulepheretsa dala.

Madzulo ndinafika kunyumba ndikuyetsemula, tsaya lili psuu ndi kupekesa. Azakhali anandipatsa tiyi wa mandimu, n'kunena kuti m'mawa muja amandikuwira kuti ndadetsa kumaso. Beseni lija analilowetsa kuchipinda kwawo, pansi pa bedi.