Mapaipi ali pansi, tsopano ntchito yalowa m'nyumba

Tikuika pampu yofunditsa nyumba ndi kutentha kochokera m'nthaka. Ngalande tazikwirira, ndipo kuseri kwa nyumba kwangotsala matope okhaokha. Mapaipi akuda apulasitiki, aja amapindidwa mozungulirazungulira omwe amisiri kuno ku England amati slinky, agona pakuya kwa mita ndi pang'ono. Pansi pake tinayalapo mchenga kuti miyala yosongoka isawaboole. Tisanakwirire, mmisiri anapopera madzi m'mapaipimo n'kuwasiya usiku wonse. Kutacha, geji yoonetsa ngati madzi akudontha inali pomwe anaisiya, mtima wanga n'kukhala m'malo.

Dothi la kuno ku Yorkshire komwe ndikukhala ndi lamakande, lonyowa chaka chonse. Pokumba linatisautsa kwabasi, limakanirira ku fosholo ndi ku nsapato, koma pa ntchito imeneyi ndi mwayi. Dothi lonyowa limapatsira kutentha bwino kuposa mchenga wouma, motero mapaipi safunika kutalika kwambiri. Amene alibe malo amaboola chitsime chopitirira mamita 100, ndipo pamenepo ndalama imapita yambiri.

Chimene chikundisangalatsa ine ndi timasensa toyeza kutentha ta DS18B20 tomwe ndalumikiza ku kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi. Kena kali pamphepo, kena pansi pa kapinga, kachitatu ndinakamangirira ku paipi penipeni. Tsiku lina m'mawa kunagwa chisanu mpaka magalasi a galimoto kuyera mbuu. Kapamphepo kanatsika kupyola 0°C, kapansi pa kapinga kanatsatira pang'ono, koma ka paipi kanali phee pa 8°C. Nthaka imachedwa kumva nyengo: kutentha kwa chilimwe kukadali pansipo. Ukazama mamita 15, kuno kumangokhala cha m'ma 10°C, kaya ndi Januwale kaya Julaye.

Pampuyo imagwira ngati firiji yoyang'ana kwina. Madzi osakaniza ndi glycol, mankhwala oletsa madzi kuundana, amazungulira m'mapaipi kukatenga kutentha pang'onoko, madzi ena apadera a m'makina amawira nako n'kusanduka gasi, kompuresa n'kumufinya mpaka atenthe zokwanira kufunditsa nyumba. Yuniti imodzi ya magetsi imatulutsa mayuniti 3 kapena 4 a kutentha.

Apa mpamene pagona nkhani. Ku Britain yuniti ya magetsi imadula pafupifupi kanayi poyerekeza ndi ya gasi woyatsira boila, ndiye pampu ikamagwira mwaulesi palibe chomwe wapindula. Ndipo chimaifoola si nthaka ayi, ndi nyumba. Maradiyeta athu, zitsulo zodutsamo madzi otentha zofunditsa zipinda, anapangidwira boila yotumiza madzi a 70°C. Pampu imakondwa ndi 35°C mpaka 45°C. Choncho ndatsitsa boila yakaleyo kufika pa 45°C kuti ndione zipinda zomwe zikuzizira. Chipinda cha ana ndi pabalaza zalephera mayeso, zikufuna maradiyeta akuluakulu. Kudenga ndikuwonjezera zotchinga kuzizira loweruka lino.

Kulumikiza pampu yeniyeniyo sindikhudzako. Thandizo la boma la £7,500, la Boiler Upgrade Scheme, limafuna mmisiri wovomerezeka ndi MCS, bungwe lotsimikizira amisiri a ntchito zoterezi.

Za kuziziritsa nyumba m'chilimwe ndaziika pambali kaye. N'zotheka kuyendetsa madzi ozizira a pansiwo osayatsa kompuresa, koma maradiyeta amachita thukuta n'kumadontha, ndiye pamafunika kachipangizo kena kokhala ndi fani. Amayi a kunyumba akuti tiyambe taona bilu ya Febuluwale.