Zimene ndinakumana nazo tikiti yanga ya ndege italipiridwa ndi khadi la munthu wina

Ulendo ndinayenda ndithu ndipo ndinabwerako bwino, koma sindinaiwale mavuto amene ndinakumana nawo chifukwa choti tikiti yanga ya ndege inalipiridwa pa intaneti ndi khadi la ku banki la achimwene anga, amene amakhala kudziko lina ndipo sitinali limodzi pa ulendowo. Makampani ena a ndege ali ndi lamulo loti khadi limene linagula tikiti lionetsedwe pa nthawi ya check-in (kutsimikizira kuti mukuyenda ndi kulandira chiphaso chokwerera ndege), ndipo ngati mwini khadilo sakuyenda nawo, pamafunika umboni woti iye anavomerezadi kulipira. Si makampani onse amene amachita zimenezi, komanso amene ali ndi lamuloli safunsa wapaulendo aliyense, n'chifukwa chake anzanu ena adzakuuzani kuti iwo anadutsa popanda funso lililonse. Mawu amenewo musawadalire, pakuti kusafunsidwa kwa iwo sikudzakuthandizani inu mukadzaima pa kauntala ndi katundu wanu.

Ine ndinadziwa kuti pali vuto pamene check-in ya pa intaneti inandikana. Makampani ambiri amaitsegula kukatsala maola 24 kapena 48 kuti ndege inyamuke, koma nditalowetsa dzina langa ndi nambala ya booking (malo amene anandisungira m'ndege), uthenga umene unabwera unali wakuti ndikaonekere ndekha kuti malipiro atsimikizidwe. Chenjezo la lamuloli linalipo, koma linalembedwa m'zilembo zing'onozing'ono kumapeto kwa imelo imene inapita kwa wolipira, osati kwa ine woyenda. Choncho ngati wina wakugulirani tikiti, mupempheni kuti akutumizireni imelo yonse mmene yabwerera, osati tsamba lokhala ndi maola a ndege lokha.

Chifukwa cha lamuloli ndikuchimvetsa ndipo sindikutsutsana nacho. Pali akuba amene amagula matikiti ndi manambala a makhadi a anthu ena, ndipo mwini khadi akaona kuti ndalama zake zachoka, amakadandaula ku banki yake, banki n'kulanda ndalamazo kukampani ya ndege pamene wokwera uja anafika kalekale kumene amapita. Kampani iliyonse ili ndi ufulu wodziteteza. Chimene chinandipsetsa mtima ndi chakuti antchito a kampani imodzi anandiuza zinthu zosiyana, ndipo amene anavutika ndi kusamvana kwawoko ndinali ineyo.

Nditaimbira kampaniyo, wa pa foni anandiuza kuti kalata wamba yochokera kwa achimwene ndi yokwanira, ndipo ndikaipereke ku ofesi yawo ya m'tauni. Kumeneko ndinakhala pamzere m'mawa wonse, ndipo nthawi yanga itakwana, mayi wa pa kauntala anatembenuza kompyuta yake kuti nanenso ndione, n'kuloza ndi cholembera mawu amene anaikidwa pa booking yanga oletsa kundipatsa chiphaso chokwerera ndege. Kenako anandibwezera kalata ija osaiwerenga n'komwe mpaka kumapeto, ndipo anati, "Pepani bambo, kalata iyi sitilandira, tili ndi fomu yathu imene mwini khadi ayenera kusaina." Fomuyo anandipatsa, koma achimwene anali asanadzuke chifukwa cha kusiyana kwa nthawi pakati pa mayiko athu. Pamene iwo ankaisindikiza, kuisaina ndi kuitumizanso, dzuwa linali litapendeka, ndipo nditabwerera pa kauntala ndinauzidwa kuti mkulu yekhayo amene ali ndi mphamvu yochotsa chiletsocho waweruka kale, ndipo ndiyesere pa desiki yogulitsa matikiti ku bwalo la ndege. Tsiku lonse lathunthu, limene ndinayenera kulongedza katundu ndi kumaliza ntchito zanga, linathera pa benchi ya mu ofesi ndi pamsewu, chonsecho fomuyo akanatha kuitumiza pa imelo tsiku limene tikiti inagulidwa. Mpaka lero sindiona chifukwa chimene wa pa foni uja sanaitchule.

Zimene analandira pomaliza ndi zinthu zitatu: fomu yosainidwa ndi mwini khadi, fotokope ya pasipoti yake, ndi fotokope ya kumaso kwa khadilo. Pa fomu panafunika dzina langa monga lilili mu pasipoti, nambala ya tikiti imene imakhala ndi manambala 13, kumene ndikuchokera ndi kumene ndikupita, masiku a ulendo komanso ndalama zimene zinalipiridwa. Siginecha ya pa fomu anaiyerekezadi ndi ya mu pasipoti, moti mwini khadi asasaine mothamanga. Pa fotokope ya khadi, manambala apakati ayenera kubisidwa. Makhadi ambiri ali ndi manambala 16, ndipo kawirikawiri chimene kampani imafuna kuona ndi dzina, tsiku lothera ntchito la khadilo ndi manambala 4 omalizira, mwinanso 6 oyambirira. Manambala 3 a kumbuyo kwa khadi musawapereke kwa munthu aliyense ngakhale atavala yunifomu, chifukwa amenewo akaphatikizidwa ndi nambala yonse ya khadi, munthu angathe kugula nawo zinthu pa intaneti. Zonsezi zisindikizeni papepala, pakuti chithunzi cha pa foni ena amachikana, komanso batire limatha nthawi yosayembekezereka.

Koma mfundo yaikulu kuposa zonse ndi iyi: akalandira mapepala anu, musachoke pa desikiyo asanalembe mu booking yanu kuti malipiro atsimikizidwa, ndipo apempheni kuti akupatseni umboni wolembedwa, kaya imelo kapena chidindo pa fotokope yanu. Pa mabwalo ambiri a ndege, anthu amene amalandira katundu pa check-in ndi a kampani ina yolembedwa ganyu yothandiza ndege pansi, ndipo iwo amatsata chimene kompyuta ikuwaonetsa basi. Mukawauza kuti dzulo munakambirana ndi munthu wina ku ofesi, sangachitepo kanthu ngati chiletso chidakalipo. Pa tsiku la ulendo wanga ndinaona bambo wina wachikulire pa kauntala yoyandikana nane, atatsamira pa sutikesi yake akuyesa kuimbira mwana wake amene anamugulira tikiti, foni osayankhidwa. Anauzidwa kuti agule tikiti ina pamtengo wa tsiku limenelo ngati akufuna kukwera, ndipo ndalama za tikiti yoyamba zidzabwezedwa ku khadi la mwanayo pambuyo pake. Zinandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa munthu wosalakwa anaoneka ngati wakuba pamaso pa gulu. Kauntala ya ndege zopita kunja nthawi zambiri imatsekedwa kukatsala pafupifupi ola limodzi, kotero nkhani yotere siyenera kuyambira pamenepo.

Ndibwerere pang'ono ku nthawi yogula tikiti, chifukwa mavuto ambiri angapewedwe pomwepo. Masamba ena a makampani a ndege amafunsa ngati mwini khadi ali m'gulu la oyenda, ndipo funso limeneli liyankhidwe moona, chifukwa yankho lake ndi limene limatsegula njira yotsimikizira malipiro pasadakhale. Nambala yachinsinsi imene banki imatumiza pa foni ya mwini khadi pogula imachepetsa kukayikira, komabe siichotsa lamulo la kampani ngati linalembedwa pa tikiti. Ngati khadi linatha ntchito kapena linasinthidwa ulendo usanafike, pezani sitetimenti ya ku banki yoonetsa malipirowo, ndipo chimodzimodzinso ngati khadilo ndi la pa foni lokha losagwirika m'manja. Ine ndikadzafunanso kuthandizidwa motere, ndidzapempha kuti anditumizire ndalama ndilipire ndekha ndi khadi langa, kapena tidzadzere kwa ajenti woona za maulendo, pakuti iye ndi amene amalandira malipiro ndipo kawirikawiri funso la khadi silibukanso pa kauntala.

Ndikubwerezanso kuti chilichonse chimene akuuzani pakamwa, pemphani kuti achilembe mu booking ndi kukupatsani umboni wake. Mapepalawo musawataye mukafika kumene mukupita, makamaka ngati mbali ina ya ulendo mudzakwera ndege ya kampani ina yogwirizana ndi imene inakugulitsani tikiti. Pobwerera, wa pa kauntala anandifunsanso manambala 4 omalizira a khadi, ndipo nditamuonetsa fotokope yokhala ndi chidindo ija, anayang'ana pa kompyuta n'kundipatsa chiphaso changa chokwerera ndege popanda kuitana mkulu wake.