Funso lonse limakhala mu linki

Mtima wanga wakhala pansi tsopano pa nkhani ya ma API, njira zimene pulogalamu imapemphera deta ku seva ya pa intaneti. Chimene chanditsegula mutu n'chochepa kwabasi: API si chinthu cha mu R (pulogalamu yosanthulira deta imene tikuphunzira m'kalasi) ayi. Ndi linki basi. Dziko limene ukufuna, chiwerengero chimene ukufuna, zaka zake, zonse zimalembedwa mu linki momwemo, ndipo ntchito ya R ndi kungotumiza linkiyo n'kulandira yankho. Ndi zomwezo. Zina zonse zimene timaopsezana nazo m'gulu lathu la WhatsApp n'zokometsera chabe.

Za kuika ma package kapena kuti data frame n'chiyani sindikambapo, amene mukuwerenga izi munadutsa kale pamenepo. Tengani foni yanu, tsegulani browser, lembani izi:

api.worldbank.org/v2/country/MWI/indicator/SP.POP.TOTL?format=json

Muiwerenge pang'onopang'ono ngati chiganizo. Dziko ndi MWI, Malawi ameneyo. Chimene tikufuna ndi SP.POP.TOTL, chiwerengero cha anthu onse. Zimene zili kutsogolo kwa chizindikiro cha funso ndi malangizo a momwe yankho libwerere. Mukachotsa format=json, World Bank ikupatsani yankho m'kalembedwe kena kotchedwa XML. Mukawonjezera &date=2008:2018, zibwera zaka zokhazo. Pomwe pali MWI mukalemba MWI;ZMB;MOZ, abale athu a ku Zambia ndi ku Mozambique alowamo. Mpaka pamenepa simunatsegule RStudio n'komwe, koma deta ya World Bank ili kale m'manja mwanu, pa foni, mwina muli mu minibasi ya ku Chirimba. Zili ngati pa okala yamawaya ku Ndirande: sulowa m'kati kukadzisankhira wekha, umaima pawindo n'kutchula katunduyo ndi dzina lake lenileni, ndipo ukatchula chimene mulibe, mwini wake amangokupukusira mutu.

Nditaona zimenezi ndinayamba kuiona code ya httr2, package ya R yotumizira ma linki, ndi maso ena. Mzere wa request ndi poyambira linki. Wa req_url_query ukungowonjezera tizidutswa tija ta kutsogolo kwa chizindikiro cha funso. Wa req_perform ndiye wotumiza, resp_body_json ndi womasula yankho. Mizere inayi imene inkaoneka ngati zamatsenga ija ikungomanga linki imene munthu akhoza kulemba ndi chala chake. Ndipo pali kena kotchedwa req_dry_run kamene kamakuonetsa zimene R ikufuna kutumiza isanatumize. Kameneka ndakakonda zedi.

Tsopano pamene ndikufuna kukhalitsa ndi pamutu pa yankho, chifukwa ambiri timapadumpha. Yankho la World Bank limabwera m'zigawo ziwiri. Chachiwiri ndi manambala amene tonse timathamangira. Choyamba n'kachidutswa kakang'ono kamene kamanena za yankho lenilenilo: page 1, pages 2, per_page 50, kenako total ndi lastupdated. Onani bwino pamenepo. Chiwerengero cha anthu a m'Malawi chimayambira mu 1960, choncho mizere yake imapitirira 60. Koma seva ikapanda kuuzidwa kanthu imapereka mizere 50 yokha pa tsamba limodzi, ndipo imayambira chaka chatsopano kubwerera m'mbuyo. Ndiye kuti ukangotenga chigawo chachiwiri n'kujambula galafu yako, zaka zonse za m'ma 1960 mulibe. 1964 yomwe tinalandira ufulu mulibe. 1966 yomwe kunali kalembera woyamba dziko litadziimira palokha mulibe. Galafuyo imaoneka bwinobwino, mzere ukukwera mokongola, R siidandaula, palibe chofiira chilichonse pa sikirini. Seva inanena zoona zokhazokha, inakuuza kuti masamba alipo awiri, iwe sunawerenge. Kukonza kwake n'kosavuta: wonjezera per_page=1000, kapena uzungulire masamba onse mpaka page ifanane ndi pages. Ukapempha mayiko atatu nthawi imodzi, masambawo achuluka, ndipo dziko lomaliza likhoza kusowa lonse osazindikira.

Choncho lamulo langa tsopano ndi ili: browser kaye, R pambuyo. Ndikuona ngati munthu amene wagwira zimenezi palibe API imene ingamuvute. Mnzanga wina amene timakhala naye benchi imodzi sagwirizana nazo. Iye amati, "Aise, ukudzivutitsiranji? Package ya WDI ilipo, mzere umodzi basi tebulo latuluka." Akunena zoona, WDI, package yotengera deta ya World Bank, imagwira, inzake wbstats nayonso imagwira, ndipo zonse zimasamala nkhani ya masamba ija pazokha. Koma ndinamufunsa kuti, "Nanga amwene, tsiku limene mudzafune deta kumalo kopanda package mudzatani?" Anangoseka n'kunena kuti tsikulo adzandiimbira. Kwa ine package imakubisira funso lako lomwe. Ikakana, sudziwa ngati vuto lili pa intaneti, pa seva kapena pa zimene walemba. Koma linki ukaiponya mu browser, chilungamo chimaoneka pompo. Ukalakwitsa dzina la chiwerengero, World Bank imayankha ndithu, koma m'malo mwa manambala imatumiza kauthenga koti Invalid value. Mu R mzere wotumiza umadutsa bwinobwino, kenako kutsogolo ukamafuna chigawo chachiwiri ndi pamene umakumana ndi subscript out of bounds, n'kuyamba kusaka vuto pamalo pomwe palibe. Mu browser ukadaliona ndi maso nthawi yomweyo.

Manambala amene seva imabweza pa yankho lililonse nonse mukuwadziwa: 200 zayenda, 404 kulibe, 401 sakukudziwa, 429 wapempha mowirikiza kwambiri uyambe wapuma, 500 vuto ndi lawo. Sinditaya nthawi pamenepo. Chokhacho, req_retry, kamene kamatumizanso pempho likakanika, ndi bwenzi la munthu aliyense amene netiweki yake imabwera n'kumapita ngati ya kwathu kuno.

Umboni woti maganizo amenewa akugwira ndinaupeza pa NASA POWER, API ya NASA ya deta ya zanyengo, imene palibe anatiphunzitsa. Ndimafuna mvula ya tsiku ndi tsiku ya mu Blantyre ya mwezi wa Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Linki yake kapangidwe n'komwekuja, kungoti m'malo mwa dzina la dziko umapereka malo enieni: latitude=-15.79, longitude=35.01, parameters=PRECTOTCORR, start=20230301, end=20230331, community=AG, format=JSON. Sipafunika kiyi kapena kulembetsa. Deta yawo ya tsiku ndi tsiku imabwerera m'mbuyo mpaka 1981. Apanso mutu wa yankho ndi umene umapulumutsa, chifukwa umanena kuti pamene palibe nambala amalembapo -999. Tsiku limodzi lokha la -999 likalowa mu avereji, mvula ya mwezi wonse imatsika kupitirira ziro, ndipo R iwerengera mosangalala popeza kwa iyo imeneyo ndi nambala ngati ina iliyonse. Uyenera kuisandutsa wekha kukhala NA, chizindikiro cha R cha nambala yosowa.

Komanso zolemba zawo zimanena poyera kuti manambalawa sachokera pa choyezera mvula chimene chili pansi. Amachokera ku MERRA-2, njira ya NASA yoyerekezera nyengo pa kompyuta, imene imagawa dziko m'mabokosi a madigiri 0.5 ndi 0.625, kutanthauza makilomita oposa 50 mbali iliyonse. Soche, Limbe ndi Bangwe zikhoza kulandira nambala imodzimodzi. Aliyense wokhala mu mzinda uno akudziwa kuti mvula imatha kugwa yamkuntho ku Limbe pamene ku Ginnery Corner anthu akuyenda ndi fumbi kumapazi. Ndipo makilomita 50 ndi pafupifupi mtunda wochoka m'tauni muno kutsika zitunda za ku Thabwa mpaka ku Chikwawa, kumene nyengo yake ndi ina ndithu. Pa asayimenti zikhoza kukwanira. Pa kafukufuku weniweni munthu ayenera kupita ku nthambi ya zanyengo, yomwe likulu lake lili konkuno ku Blantyre, kukapempha za masiteshoni ngati Chichiri ndi Chileka. Linki imabweretsa zimene wapempha, koma siikuuza ngati n'zimene umafunikira.

Chimene chikundiwawa n'chakuti zonsezi zikadatheka kunenedwa m'mphindi zochepa tsiku loyamba. Milungu yambirimbiri tinaithera pa kudina timabatani ta SPSS, pulogalamu ina ya ziwerengero, deta yake yobwera pa fulashi ya kilasi repu, yotsukidwa kale, yopanda chilema chilichonse. Ma API anawaika kumapeto kwenikweni kwa kozi, tsiku limene mu labu munalibe intaneti. Aphunzitsi athu anangoonetsa code pa pulojekita, code yomwe sinathamange n'komwe, n'kunena kuti tikayesere kunyumba. Mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Pepani a Dokotala, nanga detayo ikuchokera kuti kwenikweni?" Yankho linali lakuti package imadziwa yokha. Sindikuwanyoza ayi, ndi munthu wodziwa masamu ake, regression amaiphunzitsa mpaka wogona amadzuka. Ndipo ali ndi makalasi ochuluka kuposa mphamvu za munthu mmodzi. Koma funso la mtsikana uja ndi limene linali phunziro lonse, ndipo linangodutsa ngati mphepo.

Kwinako ndi nthawi. Ife a maphunziro a madzulo timaweruka kuntchito dzuwa litapendeka, kulimbana ndi mzere wa magalimoto pa Chipembere Highway, kufika m'kalasi mutu uli kale wotopa. Kukafika kunyumba mwina magetsi azima, laputopu yatsala ndi moto wa ola limodzi, bandulo yotsika mtengo ndi ya pakati pa usiku. Munthu wotere safuna kufufuza, amafuna code yogwira kuti apereke asayimenti akagone. N'chifukwa chake timangokoperana. Chodabwitsa n'chakuti API ndi imene ikadatithandiza ife osowa bandulo, chifukwa yankho la chiwerengero chimodzi cha dziko limodzi ndi kanthu kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi kudawuniloda fayilo yonse ya World Development Indicators ya mayiko onse n'kutayamo pafupifupi zonse. Ndipo req_cache, kamene kamasunga mayankho olandiridwa kale, kapena kungosunga yankho ndi saveRDS, kumathandiza kuti usamapemphe chinthu chomwechomwecho usiku uliwonse.

Anzathu ogwira ntchito zachipatala ali ndi mwayi wina. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasungiramo malipoti a zipatala ndipo inapangidwa ku University of Oslo, nayonso ili ndi API, ndipo tebulo lililonse limene amatulutsa podina pa sikirini kuseri kwake kuli linki ya analytics. Kumeneko pamafunika dzina ndi pasiwedi, apo ayi ndi 401. Chonde pasiwediyo isalembedwe mu code yomwe mawa muitumiza pa gulu. Malo ake ndi mu fayilo ya .Renviron, n'kumaiitana ndi Sys.getenv. DHS Program, ya kafukufuku wa zaumoyo wa m'makomo, nayo ili ndi API yake, ndi package ya rdhs, momwe muli ziwerengero za kafukufuku wa Malawi wa 2015-16 ndi ena am'mbuyo, ngakhale deta ya nyumba ndi nyumba umayenera kulembetsa kaye n'kufotokoza chimene ukufuna kuchita nayo.

Pali pamodzi pamene njira yanga ya browser kaye siikundifikitsa. Kalembera wa 2018, amene anachita a National Statistical Office a ku Zomba, anapeza anthu 17,563,749. Linki ya World Bank ija, pa chaka chomwecho, imapereka nambala yopitirira 18 miliyoni. Palibe akunama. A World Bank amadalira kwambiri ziwerengero za World Population Prospects za United Nations, zimene ndi zoyerekeza za pakati pa chaka, zokonzedwa poganiziranso anthu amene kalembera amawaphonya. Ndipo a United Nations amazikonzanso pakapita nthawi, monga anachitira mu 2019, mu 2022 ndi mu 2024, ndipo akatero manambala a zaka zakale omwe amasintha. Kutanthauza kuti code yanga yomweyo, osasintha ngakhale kadontho, ikhoza kutulutsa tebulo lina chaka chamawa. Mawu aja a lastupdated pamutu pa yankho alipo chifukwa cha zimenezi.

Tinauzidwa kuti ubwino wa code ndi woti wina aliyense akaithamangitsa apeza zimene unapeza iwe. Apa ndiye sizili choncho. Ndikasunga yankho la lero mu fayilo n'kumagwiritsa lomwelo, zotsatira zanga zikhazikika, koma ndabwerera ku fulashi ya kilasi repu ija, kungoti fulashiyo tsopano ndi yanga. Ndikamapempha mwatsopano nthawi iliyonse, manambala a mu chaputala 4 akhoza kusiyana ndi amene ali mu tebulo pofika tsiku loteteza pepala. A supavaiza anga akuti pa za chiwerengero cha anthu nditenge za ku Zomba basi, nkhani ithere pomwepo. Pa Malawi yekha ndikuvomera. Koma pepala langa likuyerekeza Malawi ndi Zambia ndi Mozambique, ndipo makalembera awo sanachitike chaka chimodzi ndi wathu: Mozambique anawerenga mu 2017, Zambia mu 2010 kenako mu 2022. Pakali pano ndikusunga zonse ziwiri, yankho lakale ndi tsiku lake pa dzina la fayilo, komanso code yopempha latsopano. Kaya kumeneko ndi kusamala kapena kungozengereza kusankha, ineyo sindinganene, ndipo Lachinayi ndikuyenera kukawauza chimodzi.