Zikomo abale a ku loji, chaka changa pampando chatha

Dzana usiku ndinapereka kanyundo, chizindikiro cha udindo, kwa m'bale amene walowa m'malo mwanga ngati Master, mtsogoleri wa loji (nthambi) yathu ya ma Freemason, ndiye ndati ndithokoze poyera.

Ndikudziwa kuti ena mukangomva za ma Freemason mumayamba kunong'onezana. Zimenezo tidzakambirana tsiku lina. Chiyambireni loji yaikulu yoyamba ku London mu 1717, zambiri zasintha, koma m'maloji ambiri Master amakhala pampando chaka chimodzi, kenako n'kusiyira wina. Chaka changacho chinafika pa nthawi yowawa. Patangotha miyezi iwiri ntchito inandithera, mayi a kunyumba n'kugonekedwa m'chipatala, madokotala osanena chenicheni. Ndinalemba kalata yotula pansi udindo n'kuiika m'thumba la jekete.

Amene anandibweza ndi a Almoner athu, bambo achikulire amene ntchito yawo ndi kuyendera odwala ndi amayi amasiye. Anandipeza pabenchi kunja kwa wodi, atanyamula kabuku kawo kothothoka chikuto, kodzaza mayina a anthu oti awaone sabata imeneyo. Sanandilalikire. Anangoti, "M'bale, za mayiwa sitikuzidziwa, inu ngakhale ine. Koma msonkhano wa Lachinayi tikuudziwa. Mutsegula ndinu, kapena ndiuze amene anali pampando chaka chatha?"

Ndinachita manyazi. Bambowa ndi omwe aja amene mu 2020, Covid-19 itaimitsa misonkhano, ankaimbira foni m'bale aliyense popanda wowatuma. Lachinayilo ndinatsegula ndine, mawu akunjenjemera, ndipo ndinasokoneza mwambo kawiri konse.

Zikomo a Secretary, makalata oitanira kumsonkhano sanachedwepo ngakhale ine ndinkayankha mochedwa. Zikomo ma Warden onse awiri, achiwiri anga pa udindo, munasenza zambiri osadandaula. A Tyler, inu oima pakhomo, ndinu nokha amene munkayamba mwafunsa za odwala musanandipatse moni wa udindo.

Usiku wina ndinalephera kubwera. Itakwana 9 koloko, nthawi imene timakumbukira abale amene sali nafe, foni inalira kasanu ndi kawiri motsatizana. Ndinawerenga mauthengawo ndili pambali pa bedi, mayi akugona.

Pano anatuluka, akuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo. Ntchito sindinaipezebe. Kalata ija ndaipeza dzulo m'jekete, yapindikapindika.

M'bale Master watsopano, mwezi wamawa ndidzakhala kumanzere kwanu, pamalo pa amene wangochoka pampando. Mukaiwala mawu ndidzakunong'onezani.